Ici Cakoma, Ici Cakoma: Za Ana Athu ndi Lamya ya m'Manja

Ife amene tagwira coko zaka zopitirira makumi awiri m'sukulu za kuno kwa Gomani, tinazolowera kuzindikira mwana wanjala pakumyang'ana nkhope, ndi mwana wamalungo pakumgwira pamphumi. Koma masiku ano kwabuka nthenda yacitatu, imene palibe anatiphunzitsa za iyo muja tinali kusulidwa nchito ya uphunzitsi. Mwana afika m'mamawa atadya phala, thupi lace losatentha, koma maso ali psuu. Ndipo dzuwa lisanafike paliwombo wagwetsa kale mutu pa desiki. Mukamfunsa, ati anali kuwerenga usiku. Mukatsegula kope lace, mulipeza loyera ngati ufa. Anali kuwerengadi, koma si buku iai. Anali kuwerenga lamya ya m'manja pansi pa bulangeti kufikira tambala woyamba. Za nthenda imeneyi tifuna kulankhula nanu, makolo ndi aphunzitsi anzathu a m'boma la Ntcheu, ndipo tilankhula mosapsatira, pakuti wakutsina khutu ndiye mnansi.

Poyamba tinene ici, kuti wina angatiyese odana ndi zatsopano: lamya sitidana nayo. Tikumbukira bwino masiku aja kalata yocokera ku migodi inkayenda masabata isanafike m'manja mwa mkazi wa mwini wace, ndi uthenga wa maliro unkafika manda ataumira kale. Kuyambira pamene TNM inayamba nchito m'caka ca 1995, ndi Celtel, imene lero ndi Airtel, m'caka ca 1999, mtunda wafupika. Mlimi wa kacewere ku Tsangano amafunsa mtengo wa ku Blantyre asanakweze matumba pa galimoto. Mai wa ku Kasinje amalandira ndalama ya mwana wace pa Mpamba kapena pa Airtel Money osakwera basi. Wodwala pakati pa usiku amaitana njinga. Zonsezi nzabwino, ndipo tiziyamika. Komatu mpeninso ndi wabwino, ndipo palibe nyumba yopanda mpeni. Koma sitinaone mai wanzeru akupatsa mwana wokwawa mpeni kuti agone nao pamphasa.

Alipo ena amene amati, "Aphunzitsi, mukulitsa nkhani; awa ndi masewera a ana cabe." Tiwayankhe ndi zimene anapeza anthu ophunzira. M'caka ca 1998 mai wina wa ku America, katswiri wa za maganizo a munthu, dzina lace Kimberly Young, anakonza mafunso 20 oyesera ngati munthu wagwidwa ukapolo ndi intaneti, ndipo mafunsowo agwiritsidwa nchito m'maiko ambiri. M'caka ca 2019 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linabvomereza kuti kumwerekera ndi masewera a pa lamya ndi pa kompyuta kulembedwe m'kaundula wa matenda, pafupi ndi kumwerekera ndi juga. Zizindikiro zimene linachula ndi zitatu: munthu alephera kudziletsa pa nthawi yoyamba ndi yoleka, cinthuco cikhala patsogolo pa zina zonse za moyo wace, ndipo apitirizabe ngakhale aona ndi maso ace kuti ciri kumuononga. Taonani tsono, kodi zizindikiro zimenezi nzacilendo kwa ife? Iai ndithu. Tazidziwa kalekale pa munthu wa kacasu, amene alumbira m'mawa kuti waleka, nabwerera madzulo kwa mai wocheza. Sitinena kuti mwana ali yense wogwira lamya ngwodwala. Tinena kuti pamene zitatuzi zakumana pa mwana mmodzi, kumeneko masewera atha, kwatsala goli.

Tikuuzeni za mnyamata wina wa Sitandade 8, amene dzina lace ndi mudzi wace tizisunga. Anali wakuthwa pa masamu kotero kuti anzace ankamzinga pa nthawi yopuma kuti awathandize. Atate wace ali ku Johannesburg, amai wace anatsatira komweko, ndipo iye anatsala ndi agogo ace akazi. Pa Khrisimasi munthu wina wobwera ku Joni anamtengera lamya yagalasi, mphatso ya atate wace. Teremu yoyamba anatsika pang'ono. Yaciwiri anagwa ngati khoma lonyowa. Titapita kwao, agogo aja anatiyalira mphasa nati, "Aphunzitsi, ine ndikaona kuwala m'gowelo mwace usiku, ndimati mdzukulu wanga ali kulimbikira sukulu, ndipo ndimathokoza." Pambuyo pace kunadziwika kuti ndalama imene atate wace anatumiza ya feteleza inali itatha theka, ina ku mabandulo, ina ku juga ija ya kandege. Tinamfunsa mnyamatayo cifukwa cace, ndipo sanatsutse kapena kunama. Anayang'ana pansi nati, "Aphunzitsi, ndikati ndileke, dzanja limapita lokha." Mayeso atatuluka, dzina lace silinali pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale. Mau ace aja sanaticoke m'khutu, ndipo ndiwo atilembetsa nkhani ino. Nanga ciri kukoka dzanja la mwanayu nciani? Ife tapeza zingwe zisanu.

Cingwe coyamba cinapotedwa ndi eni ace a zinthuzi, ndipo anacipota dala. Tiyeni tifunse: Facebook, TikTok ndi YouTube satilipiritsa polowa, nanga cuma cao cosawerengeka cicokera kuti? Cicokera kwa otsatsa malonda, amene amalipira kuti maso athu aone katundu wao. Cotero cogulitsidwa pa msika umenewu ndico nthawi ya mwana wanu, ndipo ola liri lonse limene iye sagona ndi phindu la munthu wina kutsidya la nyanja. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina, B. F. Skinner, anayesa nkhunda m'bokosi. Anaona kuti nkhunda imene ilandira njere pa nthawi yosadziwika, mwina ikajompha kawiri, mwina ikajompha makumi atatu, ndiyo imene imajompha kosaleka, pakuti imayembekeza kuti kujompha kotsatira ndiko kwamwai. Lamya iri cimodzimodzi: mwana akakweza cala sadziwa ngati kubwera coseketsa, uthenga wa bwenzi, kapena copanda pace, ndipo kusadziwako ndiko kumgwira. M'caka ca 2006 Aza Raskin anakonza njira yakuti tsamba lisakhale ndi mathero, ndipo iye mwini anadzanena poyera kuti amva cisoni ndi nchito yaceyo. Lingalirani bwino ici. Buku liri ndi tsamba lomariza. Nthano iri ndi pothera. Bao limatha nyumba zikauma. Ngakhale phwando la ukwati limatha nkhuni zikatha. Koma ici cinapangidwa copanda pothera, ndipo m'kati mwace muli makina owerenga kuti mwana waima nthawi yotani pa vidiyo iri yonse, kuti amninkhe zina zonga yomweyo. M'caka ca 2017 Sean Parker, amene anali mtsogoleri woyamba wa kampani ya Facebook, anabvomera kuti anthu opanga zinthuzi anadziwa kufooka kwa mtima wa munthu, nakugwiritsa nchito. M'caka ca 2021 Frances Haugen, amene anagwira nchito pa kampani yomweyo, anaulula makalata oonetsa kuti akuru ace anadziwa kuti Instagram imacititsa atsikana ena kunyansidwa ndi matupi ao. Makolo athu anaona zotere kale pa pusi wa m'munda wa cimanga: ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Cingwe caciwiri ndi msinkhu. Madokotala atiuza kuti mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imaletsa munthu ndi kumuuza kuti "cakwana," imatsiriza kukhwima munthu ali ndi zaka ngati 25. Koma mbali yolakalaka zokoma ndi kufuna kutamandidwa ndi anzace imadzuka msanga, pa nthawi ya kutha msinkhu. Mwana wa zaka 14 ali ngati ngolo yomangidwa ku ng'ombe zamphamvu, yotsika phiri la Kirk Range, mabuleki asanaikidwe. Pa msinkhu umenewu kusekedwa ndi anzako kumapweteka koposa mkwapulo, ndipo kusiyidwa kunja kwa gulu la WhatsApp kuli ngati kupitikitsidwa m'mudzi. Mtsikana wa ku Bilira, wobvala diresi limodzi la Sabata, amaona tsiku ndi tsiku zithunzi za anzace a m'mizinda, zokonzedwa ndi makina kuti khungu lisalale, nayamba kudziyesa wacabe. Ndiponso thupi la msinkhu umenewu lifuna tulo ta maola 8 kufikira 10 usiku uli wonse, pakuti m'tulo ndimo ubongo umasunga zimene waphunzira usana. Wakuba tulo ta mwana waba maphunziro ace, ngakhale sanakhudze buku lace.

Cingwe cacitatu ndico cimene citiwawa koposa, pakuti ndi ca kwathu konkuno: madzulo a m'midzi yathu asanduka bwinja. Kale dzuwa likalowa mwana sanali kusowa kopita. Kunali moto ndi nthano za agogo, kunali zirapi, kunali mphala kumene anyamata ankaphunzira kwa akuru ao, kunali ngoma imene lero ambiri amaiona kamodzi pa caka pa Umhlangano ku Nkolimbo. Ulendo wa ku Joni si watsopano kwa ife. Agogo athu anapita ndi Wenela kufikira boma linaletsa m'caka ca 1974. Koma pa nthawi ija mwamuna akacoka, mai ankatsala, amalume anali pafupi, ndi mudzi wonse unkati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero acoka onse awiri, ndipo atate wogwidwa ndi cisoni ca kusiya ana amatumiza lamya kuti ikhale m'malo mwace. Pamwamba pa izi panadza mliri wa Covid-19: sukulu zinatsekedwa m'mwezi wa March 2020, zinakhala zotseka miyezi yoposa isanu, ndipo ana anauzidwa kuti aphunzire pa wailesi ndi pa intaneti. Mliri unapita, koma cizolowezi cinatsala. Ife taona kawirikawiri kuti mwana womangidwa kolimba si uja wa m'nyumba ya phokoso ndi kuseka, koma uja wosungulumwa, wamasiye, wamanyazi, kapena wokhala pakati pa makolo okangana. Kwa iye lamya ndi pobisala. Cifukwa cace tisafulumire kumchula waulesi. Tiyambe tafunsa cimene ali kuthawa.

Cingwe cacinai ndi mtengo. Wina angati umphawi wathu utiteteza, popeza magetsi safika nyumba zambiri za kumudzi ndi bandulo ndi yodula. Koma pitani pa msika wa Lizulu kapena pa Kampepuza, muone matebulo odzala ndi malamya ochajidwa ndi dzuwa. Ndipo taonani umo mitengo iikidwira: bandulo yotsika mtengo kawirikawiri ndi ya usiku, kapena yotsegula masamba a mcezo okha. Cotero mwana wosauka, amene ndalama yace sikwanira bandulo ya usana yotsegula zonse, amakankhidwira ku nthawi ya tulo ndi ku khomo la miseche, pamene khomo la mabuku likhala lotseka. Pa khomo lomwelo paima juga. Kale wochova njuga ankabisala kuseri kwa msika, ndipo akuru akamuona ankamkoka khutu. Lero juga iri m'thumba la kabudula wa sukulu. Lamulo likaniza munthu wosakwana zaka 18 kubecha, inde. Koma lamya iribe maso. Kuyambira 2018 nambala iri yonse imalembetsedwa ndi ciphaso ca unzika, ndipo nambala ya mwana imalembedwa m'dzina la amai ace kapena agogo ace. Potero makina amaona nkhalamba ya zaka 70 iri kubecha pa mpira wa ku England pakati pa usiku, osadabwa konse.

Cingwe cacisanu ndife eni. Pano tisaloze cala kutali. Ndani wa ife sanaone mphunzitsi atapatsa ana nchito yolemba, iye nakhala pakhomo la kalasi maso ali pa lamya? Ndani sanaone anthu akuru pa maliro, m'busa ali kulalikira, iwo ali kusekera m'manja? Ndi mabanja angati amadya nsima dzanja limodzi m'mbale, lina pa galasi? M'mwezi wa November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa dziko lonse cifukwa mapepala anabedwa nafalikira pa malamya, ndipo ana anayenera kulembanso mu January 2021. Kodi ndi ana amene anatsegula mabokosi a mayesowo? Mwana samva cimene tinena koposa cimene ticita. Mace mbuu, mwana mbuu.

Tsono timve otsutsa, pakuti alipo a mitundu iwiri. Oyamba ati, "Dziko lapita patsogolo, kodi mufuna ana a ku Ntcheu atsalire?" Tiwafunsa: kodi maiko amene ali patsogolowo acita ciani ndi ana ao? China, kumene malamya ambiri amapangidwa, inalamula m'caka ca 2021 kuti ana osakwana zaka 18 asewere masewera a pa intaneti maola atatu okha pa sabata. Australia inakhazikitsa lamulo m'caka ca 2024, limene linayamba kugwira nchito mu December 2025, loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi malo ao pa masamba a mcezo. Bungwe la UNESCO m'caka ca 2023 linacenjeza maiko kuti lamya ilowe m'kalasi pokhapo pamene ithandizadi kuphunzira. Ngati wophika ndiwo akaniza ana ace kudya, ife alendo tidyetserenji athu? Ndiponso tisanyengedwe: kukweza cala pa galasi si nzeru ya kompyuta. Mwana yemweyo wokhala maola asanu pa TikTok, muuzeni alembe kalata yofunsira nchito, kapena afufuze mankhwala a cinoni ca kacewere, mudzaona alikuyang'ana kudenga. Wogula mowa tsiku ndi tsiku sasanduka mwini bizinesi ya mowa.

Otsutsa aciwiri ati, "Landani zonse, phwanyani, kwapulani." Awanso sitigwirizana nao. South Korea inayesa m'caka ca 2011 kutsekera ana masewera a usiku ndi lamulo, koma ana ena ankalowera pa maina a akuru, ndipo inacotsa lamulolo m'caka ca 2021. Mkwapulo umaphunzitsa mwana kubisa, suphunzitsa kudziletsa. Sukulu zambiri zogonera komweko zimaletsa malamya, ndipo zicita bwino. Koma wozula udzu m'munda osabzalamo kanthu adzapeza udzu womwewo mvula ikagwa. Mukalanda mwana pobisala pace, mpatseni pena pokhala.

Nanga ticite ciani? Sitipempha zodula. Kwa makolo tinena: lamya igone m'cipinda ca akuru, osati m'gowelo, ikafika nthawi ya nsima ya madzulo, yanu ndi ya mwana zikhale pamodzi pa alumali, ndipo muyambe ndinu. Funsani kumene ndalama ya bandulo icokera, monga mukadafunsa mutaona mwana ali ndi nsapato zimene simunagule. Kwa abale athu a ku Joni tinena: musanatumize lamya yagalasi kwa mwana wa pulaimale, funsani amene ali kumlera ngati adzakhoza kuiyang'anira, yamabatani ikwanira kuti amve mau anu, ndipo mau anu ndiwo asowa. Kwa mafumu, manyakwawa ndi makomiti a sukulu tinena: bwezerani ana madzulo ao, bwalo la mpira lisalimidwe, kwaya ndi ngoma zikhale ndi tsiku lace, ndipo bokosi la mabuku lisakhale lokiyidwa mu ofesi kuopa kuti angang'ambike. Kwa MACRA ndi makampani a lamya tinena: ngati mukhoza kutsitsa mtengo wa usiku ndi wa mcezo, mukhozanso kutsitsa wa usana ndi wa maphunziro. Kwa oyang'anira juga tinena: lamulo losatsatidwa ndi mpanda wopanda zitseko. Kwa ife aphunzitsi: lamya ikhale m'cikwama kufikira belu lomariza, ndipo tiphunzitse ana umo msampha uwu unacheredwa, pakuti mbewa yodziwa diwa siidya nyambo mwacisawawa. Ndipo mwana akafika poleka kudya, kusamba ndi kuceza, kapena akayamba kulankhula zotaya mtima cifukwa ca ngongole ya juga, musamtonze. Mtengereni kwa acipatala kapena kwa mlangizi wokhulupirika tsiku lomwelo.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 650,000 m'boma lino, ndipo m'dziko lonse theka la anthu ndi ana osakwana zaka 18. Amenewa ndiwo mbeu yathu. Mlimi wa ku Tsangano angagulitse kacewere yense, koma mbeu amaisunga pouma, pakuti adziwa kuti akaitaya wataya caka camawa. Mnyamata uja tinamchula anabwereza kalasi. Tinapangana ndi agogo ace ndi atate wace pa lamya yomweyo, kuti dzuwa likalowa izigona m'dengu la agogo, ndi kuti atate aziimba Loweruka liri lonse kulankhula ndi mwana wao, osati kutumiza ndalama cabe. Masabata oyamba anali a mkwiyo ndi misozi, ndipo kawiri anaiba m'dengumo. Koma tsopano afika m'mamawa maso ali oyera, ndipo anzace ayambanso kumzinga pa nthawi yopuma. Sitidziwa ngati adzasankhidwa. Cimene tidziwa ncakuti wayambanso kugona. Inu owerenga, usiku uno ana akalowa, tulukani panja muyang'ane ku gowelo. Mukaona kuwala kotuluka pa mng'alu wa citseko, musathokoze msanga monga anacitira agogo aja. Gogodani, lowani, khalani pansi, ndipo mufunse mwana wanu mofatsa cimene ali kuwerenga. Kuongola mtengo mpoyamba.

Mphunzitsi, Ntcheu.